Mutu 6: Mbale ya Danning Iwiritsidwa Payokha

1. Tiyi wosamwa

Kang Danning anabwera kuno ku Shunde ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Kwawo kunali kumpoto, kumudzi wina pafupi ndi Baoji, kumene amadya mabanzi a tirigu m'malo mwa mpunga. Bambo ake anapeza ntchito pafakitale ya mipando, ndipo amayi ake ankasoka makushoni pafakitale yomweyo.

Mnzake woyamba kusukulu anali Liang Peishan, mtsikana wamfupi wosachedwa kuseka. Amayi ake a Peishan anali ndi kalesitilanti pafupi ndi geti la sukulu, ndipo theka la kalasi linkadya pamenepo poweruka.

Tsiku loyamba kudya pamalopo, Peishan anamuthirira tiyi wotentha m'mbale. Danning anainyamula kuti amwe.

"Dikira kaye," anatero Peishan atamugwira pamkono. "Ameneyo si wakumwa. Taona."

Anaviika timitengo take todyera m'tiyimo, n'kutsukuluza kapu, supuni ndi mbale, kenako n'kukhuthulira m'kabeseni kamene kanali pakati pa tebulo.

"Kodi mbalezi sanatsuke?" anafunsa Danning.

"Anatsuka. Ife timangotero basi."

"Kwathu ukachita zimenezi mwini nyumba akhoza kukupirikitsa. Ndiye kuti ukumunena kuti ndi wauve."

"Kuno ngakhale mwini lesitilanti amatero ndi mbale zake zomwe. Si kunyoza ayi."

Kuyambira pamenepo awiriwa sankasiyana. Loweruka lililonse Danning ankadya nkhomaliro kwa a Liang, m'nyumba yawo ya pamwamba pa lesitilanti, ndipo akatha kudya atsikanawa ankatsuka limodzi. Danning ankatsuka ndi madzi ochepa m'beseni, otsalawo n'kukolopera pansi, monga amachitira kwawo kosowa madzi. Peishan ankangotsegula mpopi n'kuusiya.

"Mwana wa kuchilala iwe, madzi ndi aulere akakhala mumtsinje," ankatero Peishan.

"Tseka mpopiwo, ukulira ngati wafedwa," ankayankha Danning.

Tsiku lina akutsuka choncho, Peishan ananong'ona uku akuseka. "Ukuidziwa kabati yamagetsi yophera tizilombo ili m'lesitilanti ija? Inafa kalekale. Chimayaka ndi kagetsi kofiira kokha. Amayi amangoikamo mbale kuti makasitomala aziona. Usauze munthu, angandisende."

Danning sanauze munthu.

2. Chenjezo la amayi

Danning naye anali ndi chake chobisa. Anabadwa ndi kachilombo ka matenda a chiwindi kamene madokotala amati hepatitis B. Anakatengera kwa amayi ake, chifukwa anabadwira kunyumba nthawi yozizira misewu itatsekeka, katemera n'kuchedwa. Sankadwala. Pothamanga ankasiya atsikana onse m'kalasi. Kawiri pa chaka ankapita kuchipatala kukayezetsa magazi, basi.

Tsiku limene ankayamba sukulu yatsopanoyi, amayi ake anamukhazika pansi.

"Mwananga, tamvera. Nkhani ya magazi athuyi usaiuze munthu aliyense, kaya mphunzitsi, kaya mnzako, ngakhale akukonde bwanji. Ine nditangokwatiwa ndinauza mlamu wanga mmodzi yekha. Patangotha sabata, mbale yanga inali itamangidwa ulusi wofiira, timitengo tanga tikuyanikidwa pawindo patokha. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinkadyera pakhomo la khitchini, anzanga ali patebulo. Dokotala anawauza kuti matendawa sayenda m'mbale, koma mantha alibe makutu. Bwenzi lako ndi la wina, Danning. Amene ukumuuza lero, nayenso ali ndi wake womuuza mawa. Tinachoka kumudzi kuja kuti uzidya ndi anthu ngati munthu. Usandibwezere pakhomo la khitchini paja."

Danning anavomera, ndipo anasunga mawuwo chaka chathunthu.

Chimene chinasokoneza ndi singano. Peishan anafuna kuti abooletsane makutu ndi singano imodzi, akuti ndiye kuti akhala pachibale. Danning anakana. Peishan anakhala masiku atatu osamulankhula, ndipo lachinayi anamupeza pamasitepe a kuseri kwa bwalo la masewera akudya banzi.

"Ingonena kuti umanyansidwa nane," anatero Peishan.

"Si choncho."

"Nanga n'chiyani? Ine za kabati ndinakuuza. Iwe sundiuza kanthu."

Danning anayang'ana uku ndi uku, n'kumuuza zonse. Anafotokoza kuti singano, lezala ndi mswachi ndi zimene sangabwerekane ndi munthu, koma chakudya chilibe vuto. "Ndikukana kuti ndikuteteze iweyo," anatero.

Peishan anamukumbatira. Anatenga banzi lija, n'kuluma pomwe Danning analuma. "Ndikaulula, lilime langali liwole," anatero akutafuna.

Limenelo linali Lachitatu.

3. Nkhomaliro ya Loweruka

Loweruka Danning anapita kwa a Liang atanyamula mabanzi asanu ndi limodzi amene amayi ake anaphika. Masiku onse anti Liang, amayi ake a Peishan, ankatsomphola limodzi asanalandire n'komwe moni. Tsikuli anangoloza ndi chibwano.

"Ika apo, pashelefu ya nsapato."

Patebulo panali nsomba yophika ndi nthunzi, masamba ndi msuzi wa mafupa. Mbale za anti ndi Peishan zinali zadothi zoyera zija za masiku onse. Ya Danning inali yachitsulo, ndipo pambali pake panali timitengo tansungwi ta m'pepala, timene amapatsa anthu ogula chakudya chopita nacho. Pambale ya nsomba anagonekapo timitengo tina tatitali takuda.

"Lero tiyambe kugawira ndi iti," anatero anti. "Ndi mmene akuchitira anthu masiku ano."

Danning sanaone chachilendo, popeza mabanja ambiri amaterodi. Koma posakhalitsa anti ndi Peishan anaiwala, n'kumatapa nsomba ndi timitengo tawo tomwe. Danning atangotambasula dzanja, anti anamudula.

"Khala, mwanawe, ndikuikira ine."

Anamuikira nsomba kuchokera m'mwamba, kusamala kuti timitengo takuda tija tisakhudze mbale yachitsuloyo.

"Uwunso ndi mwambo wakuno?" Danning anafunsa Peishan akumwetulira.

Peishan anangoweramira mumpunga wake.

Atatha kudya, Danning anayamba kusonkhanitsa mbale ngati kale.

"Siya, siya. Kakhale pabalaza uzionera kanema. Mlendo satsuka mbale."

"Anti, ine ndakhala mlendo liti?"

"Ndati kakhale."

4. Zimene anamva kukhitchini

Danning anakhala pabalaza yekha. Patapita kanthawi anadzuka kuti akasambe m'manja, ndipo njira yake inadutsa pakhomo la khitchini. Chitseko chinali chosatsekedwa bwino.

Anti Liang anali atavala magulovesi ofika m'zigongono. Ananyamula mbale yachitsulo ija ndi chopanira nyama, n'kuiponya mumphika wa madzi obwata. Kapu imene Danning anamwera anaikulunga m'nyuzipepala n'kuiponya m'bini, momwe munali kale timitengo tansungwi tija. Peishan anaima pasinki akutsuka mbale zoyera.

"Chaka chathunthu mwana ameneyu akupisa m'mbale zanga, osanena," ankatero anti. "Ndi mmene alili anthu akumpotowa. Madzi a m'beseni limodzi atsukira mbale, akolopera, mwina asambanso omwewo. Ndiye matenda alekerenji? Tamvera iwe Peishan. Kuyambira lero usamwere botolo lake, usalume chimene waluma, kusukulu usatsukire pampopi umene watsukira iye. Ine ndili ndi mwana mmodzi, ndilinso ndi lesitilanti. Anthu akangomva kuti wodwala chiwindi amadya pano, ndani adzapondenso pakhomo panga? Chifundo n'chabwino, koma chifundo sichichiza chiwindi. Lero ndamulandira chifukwa munagwirizana kale. Loweruka likubwerali umuuze kuti tachokapo."

"Amayi, tsitsani mawu, akumva."

"Ndamva kale," anatero Danning atakankha chitseko.

Mbale inapulumuka m'manja mwa Peishan n'kugwera m'sinki. Anti sanachite manyazi. Anangovula gulovesi limodzi.

"Usandione ngati woipa, mwanawe. Ukadzakhala ndi mwana udzamvetsa."

Danning anavala nsapato zake. Anti anamutsatira n'kumupatsa jumbo ya mabanzi ija, ataigwira ndi dzanja la gulovesi.

"Uwauze amayi ako kuti tathokoza, koma tirigu sakutiyanja masiku ano."

Peishan anamupeza pansi pa masitepe.

"Danning, sindinafune kunena. Ndinangowafunsa ngati ndinabayitsa katemera. Ndiye anandipanikiza kuti ndikufunsiranji."

"Unabayitsa?"

"Eya. Katatu, ndili khanda."

"Ndiye unkaopa chiyani?"

Peishan anakanda khoma ndi chikhadabo. "Banzi lija."

"Ndinakukakamiza kuluma?"

"Ayi."

"Masiku atatu, Peishan. Amayi anga anati mlamu wawo anatha sabata. Iwe wamuposa."

Danning anayenda wapansi mpaka kwawo. Mabanzi aja anapatsa mlonda wa pageti la nyumba zawo. Amayi ake atafunsa ngati a Liang anawakonda, iye anati, "Athokoza."

5. Pamalo otsukira

Kusukulu kwawo aliyense anali ndi kontena yake yachitsulo ndi timitengo take, zimene zinkakhala pashelefu m'chipinda chodyera. Akatha kudya ankatsuka okha pamzere wa mipopi khumi ndi iwiri.

Lolemba masana Danning anapeza malo ake pashelefu ali mbee. Kontena yake inali pansi, kunsi kwa mipopi, m'madzi a sopo. Anaitola, n'kutsegula mpopi kuti aitsuke. Atsikana awiri amene anali pambali pake anatseka mipopi yawo n'kusuntha.

Zou Manli, mtsikana wamtali amene sankabisa mawu, anaima patsogolo pake atapinda manja. Kumbuyo kwake kunali anthu ngati khumi ndi asanu, ndipo Peishan anali kumapeto.

"Amayi anga aona uthenga pagulu la makolo la pafoni," anatero Manli. "Akuti m'kalasi mwathu muli mwana wakumpoto wodwala chiwindi. Wakumpoto tili naye mmodzi. Ndi zoona?"

"Walemba ndani?"

"Anti Liang. Akuti kulesitilanti kwawo akuletsa kale kufikako. Ndipo iwo za ukhondo amazidziwa, si ngati kwanu kotsuka mbale ndi malovu. Mbale zawo zonse zimatuluka m'kabati yophera tizilombo."

Ena anaseka. Danning anayang'ana Peishan. Nkhope ya Peishan inali itatuwa, ndipo anapukusa mutu pang'ono, momupempha. Pafupifupi onse amene anaima pamenepo ankadya kwa anti Liang. Mawu awiri okha akanakwana kuti mawa lesitilanti ija ikhale yopanda munthu.

"Kabati imeneyo," anayamba Danning.

Madzi ankangothira m'kontena mpaka kusefukira.

"Kabati imeneyo si nkhani yanga," anatero. "Nkhani yanga ndi iyi. Inde, ndi zoona. Ndinabadwa nako kachilomboko. Sindinakabe, sindinakagule. Chaka chathunthu mwadya nane, ndani wadwala?"

"Ndiye uzikatsukira kwina," anatero Manli, koma mawu ake anali atatsika.

"Kwina kuti?" anafunsa munthu kumbuyo kwawo.

Anali ankolo Fong, mkulu wa ophika, bambo wonenepa wa chipsera pamkono, amene ana onse ankamuopa chifukwa cha kukalipa. Anaika pansi ndowa imene ananyamula, n'kupita pamipopi. Anatola chinkhupule chakuda chonyowa chimene onse ankatsukira, n'kuchikweza m'mwamba ndi zala ziwiri.

"Mukuchiona ichi? Chatsuka makontena mazana atatu kuyambira mwezi watha, ndipo palibe anachichapapo kapena kuchiyanika. Ichi ndiye muziopa. Ine ndagwira ntchito ya m'khitchini zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo chaka chilichonse a zaumoyo amatiphunzitsa. Matenda oyenda m'mbale alipo, inde. Kutsegula m'mimba, kusanza, ngakhale mtundu wina wa matenda a chiwindi. Amenewo amabwera ndi munthu wochoka kuchimbudzi osasamba m'manja, ngati mmene ndimakuonerani ena a inu. Koma a mtsikanayu amayenda m'magazi. Lezala, singano, mswachi, zimenezo musabwerekane ndi munthu aliyense, kaya mukumudziwa kaya ayi. Mpunga ulibe mlandu. Komanso ambiri a inu munabayidwa katemera musanamere mano, kafunseni amayi anu."

Analoza timitengo ta Manli. "Tabweretsa ito. Taona, tang'ambika kunsonga, m'ming'alumo muli nkhungu. Umatitsekera m'kontena tili tonyowa. Tiyi amene mumatsukuluzira uja amachotsa fumbi, sachotsa izi. Mbale imafuna sopo, madzi oyera otsukuluzira, ndi kuuma. Zitatu basi. Wakumpoto akachita zimenezi ndi beseni limodzi, mbale yake ndi yoyera. Wakuno akasiya mpopi ukuthira ola lathunthu koma osayanika, yake ndi yauve. Ndipo ndikuuzeni ichi. Mbale ikada timatsuka. Dzina la munthu mukalidetsa, mudzalitsukira pampopi uti?"

Anaponya chinkhupule chija m'bini, n'kunyamula ndowa yake. "Amene wagwetsa kontena ya mwanayu pansi, ndikamudziwa adzatsuka miphika yanga sabata yathunthu."

Gulu lija linabalalika. Ena anabwerera pamipopi ya pafupi ndi Danning, koma ambiri anakapanga mzere kumapeto, kudikira mipopi itatu yakutali. Manli anayang'anitsitsa timitengo take, n'kuchoka.

Peishan anatsala. Anayandikira n'kunong'ona, "Zikomo."

"Sindinachitire iwe," anatero Danning akupukuta kontena yake. "Uwauze amayi ako akonzetse kabati ija sabata ino. Anthu akudya pamenepo. Akapanda kutero ndidzabwera kudzawauza ndekha, maso ndi maso. Ine sindilemba pagulu."

"Tikhalabe limodzi m'kalasi?"

"Desiki ndi ya sukulu. Khala pomwe ukufuna."

6. Pepala la mayina

Phunziro la masamu lili mkati, aphunzitsi a Tan, amene ankayang'anira kalasi yawo, anasuzumira pakhomo n'kukodola Danning. Anapita naye ku ofesi yawo ya m'chipinda cham'mwamba, n'kutseka chitseko.

"Khala pansi. Ankolo Fong andiuza zimene zachitika masana. Wayankha bwino, ndipo ine ndili kumbali yako. Koma pali ichi."

Anamusunthira pepala. Inali kalata yopita kwa mkulu wa sukulu, yopempha kuti mwana wodwala chiwindi azidyera payekha ndiponso azitsukira pampopi wakewake. Pansi pake panali mayina a makolo makumi awiri ndi atatu.

"Kalata imeneyi ilibe mphamvu yokuchotsa patebulo," anatero aphunzitsiwo. "Koma makolowa akufuna msonkhano Lachisanu, ndipo amayi ako ayenera kudziwa. Kodi unawauza?"

Danning anapukusa mutu. Maso ake anali pamayina aja. Loyamba linali la anti Liang. Lachitatu linali la a Zou Deming, bambo ake a Manli. Dzina limenelo ankalimva kunyumba pafupifupi tsiku lililonse, chifukwa a Zou ndiwo anali kapitawo wa gawo losoka kufakitale ya mipando, kumene amayi ake ankagwira ntchito.

"Aphunzitsi, mwawaimbira kale amayi?"

"Ayi. Ndimafuna ndiyambe ndalankhula ndi iwe."

Aphunzitsi a Tan anaima kuti atsegule windo, kenako anangoti chilili akuyang'ana pansi. Danning anadzuka n'kuima pambali pawo.

Nthawi inali isanakwane n'komwe folo koloko, ndipo fakitale imaweruka sikisi. Koma amayi ake anali pageti la sukulu, atavala yunifolomu yawo yabuluu, akulankhula ndi mlonda. M'dzanja ananyamula jumbo yoonekera mkati. Munali kapu yawo, kontena yawo, timitengo tawo ndi nsapato zawo zogwirira ntchito, zinthu zimene zinkakhala m'lokala yawo kufakitale ndipo zinali zisanabwereko kunyumba chiyambire.

Mlonda analoza windo la ofesiyo, ndipo amayi ake anakweza maso.